Sewero Loyerekezera Monga Njira Yoyesera Mau a Nchito Zotumikira Anthu

Mmisiri wosula makasu akamaliza khasu lake angathe kulinyamula, kumva kulemera kwake, kulitema pa nthaka youma ndi kuona ngati lipindika, zonsezi wogula asanafike. Munthu amene akukonza ndondomeko yolandirira odwala pa cipatala, kapena yolipirira alimi ndalama za cimanga cao, alibe mwai wotere. Cimene iye akukonza sicioneka kufikira pamene anthu awiri, wotumikira ndi wotumikiridwa, akumana maso ndi maso, ndipo akangolekana cinthuco catha. Sacisunga m'nkhokwe. Luso lokonza nchito zotere, limene m'Cingerezi amalichula kuti service design, lakhala likufunafuna njira zoyesera ganizo lisanafike kwa anthu, ndipo njira imodzi imene akatswiri ake amaikonda ndiyo sewero loyerekezera: anthu amatenga malo a wodwala, namwino, kalaliki, ngakhale makina amene, nasewera ndondomeko yonse kuyambira pakhomo lolowera kufikira potulukira.

M'nkhani ino ndifuna kuonetsa kuti cinthu coyamba cimene cimathyoka m'sewero lotere ndi mau, ndipo kuti pa cifukwa cimeneci ife ophunzira ndi aphunzitsi a zinenero tiri ndi gawo m'nchitoyi limene okonza ndondomeko sangaligwire okha. Ndidzanenanso za malire a seweroli, pakuti mau a m'sewero ndi mau a pa windo la cipatala safanana monga mmene ambiri amaganizira.

Kumene njirayi inacokera

Mu 1982 ndi mu 1984 mai wina wa ku America, G. Lynn Shostack, amene anali mkulu m'nchito za mabanki, analemba kuti nchito yotumikira anthu iyenera kujambulidwa pa pepala monga mmene omanga amajambulira nyumba asanakumbe maziko. Citsanzo cake cinali capafupi: munthu wopukuta nsapato pa ngondya ya mseu. Iye anagawa nchitoyo m'masitepe, napatsa sitepe iriyonse masekondi ake mpaka zonse pamodzi zinakwana mphindi 2, naonetsanso malo amene colakwa cingagwe, monga kupaka polishi wa mtundu wina. Pa cithunzi cake anajambula mzere wolekanitsa zimene mwini nsapato amaona ndi zimene zimacitika kuseri. Ganizo la kuseri ndi poyera linali litamveka kale m'buku la Erving Goffman la mu 1959, mmene iye anafanizira moyo wa anthu wa tsiku ndi tsiku ndi sewero lokhala ndi bwalo loonerera ndi cipinda cobvalira. Motero cifaniziro ca sewero cinalowa msanga m'maganizo a okonza nchito zotumikira anthu.

Koma cithunzi ca pa pepala sicilankhula. Anthu oyamba kuimiritsa anzao kuti asewere zocitika za moyo ndi colinga cophunzirapo kanthu anali a nchito zina. Jacob Moreno, sing'anga wa matenda a maganizo amene anayambira nchito yake ku Vienna nasamukira ku America mu 1925, ndiye anachukitsa mcitidwe wosinthanitsa malo, wakuti mwana asewere atate ake ndipo atate asewere mwana. Mu 1963 Howard Barrows wa pa yunivesite ya Southern California anaphunzitsa munthu wabwinobwino kuti azionetsa zizindikiro za nthenda ya mitsempha, kuti ophunzira udokotala ayesedwe pa munthu mmodzimodzi ndi nthenda imodzimodzi. Barrows anali kuyesa wophunzira. Amene anatembenuza muyesowo kuti uloze ku ganizo la okonza eni ake, ena mwa iwo ndi Marion Buchenau ndi Jane Fulton Suri a kampani ya IDEO, amene mu 2000 anafotokoza mmene gulu lao linaseweretsera ulendo wa pa sitima. Mmodzi anasewera wapaulendo, wina anasewera makina ogulitsa matikiti, ndipo woyendetsa seweroli anali kuonjezera zobvuta pang'onopang'ono: wapaulendo agule tikiti atabvala magolovesi, kunja kuli mdima ndi mphepo, makina akana ndalama zapepala. Pa nchito ina, yokhudza kacipangizo koikidwa m'cifuwa kodzidzimutsa mtima ndi magetsi, anthu a m'gulumo ananyamula timakina tolira kwa masiku angapo. Kakalira nthawi iriyonse, munthu anayenera kuganiza kuti wagwetsedwa pansi ndi magetsi pomwepo, nalemba kumene anali, cimene anali kucita ndi anthu amene anali nao.

Kuno kwathu zinthuzi si zacilendo monga mmene maina ameneŵa angationetsere. Bwalo la masewero la Chikwakwa, limene linayambika pa Yunivesite ya Zambia mu 1969 motsogoleredwa ndi Michael Etherton, linali kutumiza ophunzira m'zigawo za dziko kukasewera m'zinenero za anthu. Mu 1979 ku Chalimbana kunacitika msonkhano wophunzitsa masewero a citukuko, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1980 gulu la masewero la Chancellor College ku Malawi, mmene munali David Kerr ndi Christopher Kamlongera, linagwira nchito ndi a zaumoyo m'midzi ya ku Liwonde, kumene osewera anali kuimitsa sewero pakati ndi kufunsa oonerera cimene ciyenera kucitika. Ku Brazil, Augusto Boal anapita nazo patali: woonerera anali kuloledwa kukuwa kuti sewero liime, nalowa yekha m'bwalo kutenga malo a wobvutikayo kuti aonetse njira yake. Boal atasankhidwa kukhala khansala wa mzinda wa Rio de Janeiro, kuyambira 1993 kufikira 1996, anagwiritsa nchito masewero omwewa pokonza malamulo a mzindawo.

Pali kusiyana kumodzi kumene tiyenera kukugwira bwino. Masewero ambiri a citukuko amene tinazolowera, makamaka a m'zaka za nkhondo yolimbana ndi Edzi, anali kunyamula uthenga wocokera ku ofesi kupita nao kumudzi. Yankho linali lodziwika kale. Sewero linali mtolo wake. Sewero loyesera ndondomeko limayenda mobwerera. Ophunzira ake ndi a ku ofesi, ndipo phindu lake lonse liri pa malo amene lasokonekera. Likayenda bwinobwino kuyambira poyamba mpaka potsiriza, anthu naomba m'manja, kawirikawiri ndiye kuti silinayese kanthu.

Citsanzo ca pa khomo la cipatala

Tiyerekeze kuti akuluakulu a zaumoyo m'boma lina la Cigawo ca Kum'mawa afuna kufupikitsa mzere wa amai oyembekezera pa tsiku la sikelo. Ganizo lao ndi lakuti pakhomo pakhale kalaliki wofunsa mafunso anai, alembe mayankho pa fomu, apereke khadi la tsiku lobweranso, ndipo tsikulo likayandikira mai alandire uthenga wokumbutsa pa foni. Pa pepala zonse ziri m'malo mwake. Fomu inalembedwa m'Cingerezi, monga mmene mafomu ambiri a boma akhala akulembedwera, ndipo wina anatembenuza mafunsowo m'Cinyanja usiku umodzi.

Poyesa ganizoli sipafunika ndalama zambiri. Mabenci awiri, tebulo, katoni yoboola pakati kuti ikhale windo, ndi foni yakufa n'zokwanira. Cofunika kwenikweni ndi anthu: kalaliki weniweni amene adzakhala pa windolo, namwino, ndi amai a m'midzi yozungulira amene anayendapo kale sikelo. Amene anakonza ndondomekoyo akhale pambali ndi koloko ndi pensulo, atseke pakamwa. Kukambirana kwa pa windo kungayende motere:

Kalaliki: Dzina?
Mai: Mwauka bwanji, atate?
Kalaliki: Ndauka. Dzina?
Mai: Ndine NaPhiri.
Kalaliki: La pa citupa.
Mai: Citupa cili ndi abambo kunyumba.
Kalaliki: Munasamba liti komaliza?
Mai: (ayang'ana pansi, kenaka ayang'ana anzake pa benci) M'mawa muno.
Kalaliki: Simunamwe mankhwala ena alionse?
Mai: Inde.

Mizere khumi yokha, koma wophunzira cinenero aonamo zinthu zosacepera zinai zimene wojambula ndondomeko sakanaziona pa pepala.

Coyamba ndi moni. Wowerengera masekondi monga Shostack amaona moni ngati nthawi yotayika, ndipo pofuna kufupikitsa mzere ndiwo amayamba kuudula. Kwa Mnyanja moni ndiye khomo la nkhani. Munthu amene wafunsidwa dzina asanafunsidwe za moyo wauzidwa kale mmene wofunsayo akumuonera, ndipo mayankho ake otsatira amafupika, ena amabisika. Amene ali ndi koloko pambalipo angathe kuwerenga okha nthawi imene moni umatenga, naiyerekeza ndi nthawi imene imatayika pa kukhala cete ndi kubwereza mafunso pamene moniwo wadumphidwa. Nkhani ya dzina nayo njofanana. Mai wamkulu amadziwika ndi mfunda wake, NaPhiri kapena NaBanda, kapena ndi dzina la mwana wake woyamba. Dzina la pa citupa mwina salimva caka cathunthu. Fomu yokhala ndi mpata wa dzina limodzi idzacititsa kuti namwino aitane dzina pa khonde popanda woyankha, mwini wake ali pomwepo.

Funso lacitatu ndi lolemera koposa. Mneni kusamba ali ndi matanthauzo awiri, lodziwika kwa mwana aliyense ndi lina la akuluakulu, ndipo tanthauzo lacikuluri linabadwa dala kuti nkhani ya kumwezi isachulidwe poyera. Mai amene wayankha kuti m'mawa muno mwina sanamve, koma mwinanso wamva bwino lomwe ndipo wathawira ku tanthauzo loyamba cifukwa wofunsayo ndi mnyamata wa msinkhu wa mwana wake, ndipo pa benci pali apongozi ake kapena mnansi. Apa womasulira sanalakwe liu. Liu lake ndi lomwelo limene namwino wamkazi angagwiritse nchito m'cipinda cotseka. Colakwika ndi malo a funsolo m'ndondomeko: ndani afunsa, ali kuti, ndani akumva. Dell Hymes anatiphunzitsa kale mu 1972 kuti kudziwa cinenero n'kudziwanso nthawi yolankhula, munthu womulankhula ndi malo ake, ndipo m'sewero lotere ciphunzitso cimeneco cimasanduka cinthu cogwirika, pakuti funso limacotsedwa pa windo ndi kupititsidwa m'cipinda ca namwino.

Cacinai ndi cija owerenga magazini ino amacidziwa bwino, koma cimene sicinalekebe kusokoneza mafomu. Mnyanja akafunsidwa funso lokana, inde wake amabvomereza mau a wofunsa. Mai uja ponena kuti inde akutanthauza kuti n'zoona, sanamwe. M'Cingerezi yankho lomwelo likanakhala no. Kalaliki amene akumva Cinyanja ndi makutu koma akulemba pa fomu ya Cingerezi ayenera kutembenuza yankholo m'mutu mwake nthawi iriyonse, ndipo pofika munthu wa makumi asanu dzuwa liri paliombo, dzanja lake lidzacita zimene khutu lamva: lidzacongera yes. Pa nkhani ya mankhwala kwa mai woyembekezera, colakwa cotere si ca galamala cabe. Mankhwala ake ndi apafupi, kufunsa mosakana kuti, Kodi pali mankhwala amene mwamwa? Koma munthu saganiza zosintha funso limene sanalione likulephera.

Sewero likafika apa liyenera kubwerezedwa, osati kamodzi kokha. Ulendo waciwiri kalaliki ayambe ndi moni, mafunso asinthe malo. Ulendo wacitatu atsatire Moreno: mkulu amene analemba fomu akhale pa benci, ayembekezere, afunsidwe za thupi lake anzake akumva. Pambuyo pake woyendetsa sewero aonjezere zobvuta monga anacitira a IDEO, koma zobvuta za kwathu: foni ndi ya mwamuna, ndipo uthenga wokumbutsa udzawerengedwa ndi iye, mai wabwera ndi mwana wolira kumsana, mai ndi Mtumbuka wa ku Lundazi kapena Mnsenga wa ku Petauke amene Cinyanja ca m'buku amacimva mwa apo ndi apo. Pa uthenga wa pa foni, munthu mmodzi angathe kukhala kuseri kwa cinsalu nasewera makinawo, kulemba mayankho pa timapepala, kotero kuti mau ake ayesedwe wolemba mapulogalamu a kompyuta asanalipidwe ngwee.

Liu limodzi

Wina anganene kuti izi ndi zazing'ono, zoyenera aphunzitsi a galamala. Ofufuza za kukambirana kwa madokotala ndi odwala anaonetsa kuti siziri tero. Mu 1984 Howard Beckman ndi Richard Frankel anamvetsera maulendo 74 a odwala kwa dokotala ku America, napeza kuti dokotala anali kudula mau a wodwala patangopita masekondi ngati 18, ndipo odwala 23 okha pa 100 alionse ndiwo anamaliza kufotokoza cimene anabwerera. Mu 2007 John Heritage ndi anzake anayesa cinthu cocepa koposa apa. Madokotala ena anauzidwa kuti, wodwala akanena bvuto lake loyamba, amufunse ngati ali ndi cina pogwiritsa nchito liu lakuti any. Ena anauzidwa kufunsa funso lomwelo ndi liu lakuti some. Liu laciwirili linacepetsa ndi magawo 78 pa 100 madandaulo amene odwala akanabwerera nao kunyumba osawachula, pamene loyambalo silinasinthe kanthu kooneka. Cifukwa cake n'ca galamala: m'Cingerezi any amayenda ndi ziganizo zokana, motero funso lake limakankhira munthu ku yankho lakuti iai.

Zotsatirazi sitingazinyamule monga ziriri ndi kuziika m'Cinyanja, pakuti ife tiribe mau awiri otere. Tiri ndi malo athu amene funso limapendekera. Taganizani za namwino amene afunsa kuti, Ndi zokhazi? kapena, Basi? kapena, Palibe cina? kapena, Cina n'ciani, amai? Khutu la mwini cinenero limamva kuti atatu oyambawo akutseka citseko, ndipo lomalizali laganiza kale kuti cina ciripo, latsala n'kucichula. Ili ndi funso limene dipatimenti ya zinenero ingaliyese, ndipo sewero loyerekezera ndilo malo oyamba otsika mtengo osankhirapo mau oyenera kupita nao ku muyeso weniweni.

Cimodzimodzinso nkhani ya iwe ndi inu. Cingerezi ciri ndi you mmodzi, ndipo wolemba uthenga wa makina m'cinenero cimeneco sasankha kanthu. Womasulira ayenera kusankha pakati pa Lowetsa nambala ndi Lowetsani nambala, pamene makina saona imvi za woimbayo. Ndaonapo mauthenga a pa foni ndi zikwangwani za m'maofesi zolamula anthu ndi mneni wopanda -ni, ngati kuti dziko lonse ndi ana a Giredi 1. Ndiponso ulemu wa Cinyanja supima pa inu pokha. Pali kulankhula ndi munthu ngati kuti ukunena za wina, monga, Amai abwera ndi bvuto lanji lero? Kalaliki wa zaka makumi awiri akamva kalankhulidwe aka m'kamwa mwa mnzake m'sewero, naona mmene nkhope ya mai yamasukira, amakatola msanga koposa mmene akanakatolera m'kalata yocokera ku likulu.

Ku Lusaka kuli misampha yake. Cinyanja ca m'tauni cimagwiritsa nchito liu lakuti mailo ponena dzulo ndi mawa lomwe, ndipo cimene cimalekanitsa ndi nthawi ya mneni. Pokambirana pakamwa palibe bvuto, koma pa khadi pamene palembedwa liu limodzi ndi deti, kapena kwa mlendo wocokera ku Katete amene amadziwa mawa ndi dzulo, pangabuke cisokonezo. Ndipo amene amayesa nchito zotumiza ndalama pa foni akumbukire kuti m'kalankhulidwe ka m'misika yathu pini linali kale dzina la K1,000, ndalama zisanasinthidwe mu 2013 pamene maziro atatu anacotsedwa, ndipo liulo silinafe. Gogo amene wauzidwa ndi wa pa kanyumba ka ndalama kuti aike pini ali ndi cifukwa comveka cotsegulira cikwama.

Malire a sewero

Tsopano tiyenera kucenjera. Munthu wosewera wodwala samva kupweteka, sanayende makilomita khumi, ndipo akudziwa kuti madzulo adzalandira cakudya ndi ndalama ya ulendo. Kalaliki naye akudziwa kuti bwana wake akumuyang'ana. Elizabeth Stokoe, pamene anali pa yunivesite ya Loughborough ku England, anayerekeza mu 2013 mau ojambulidwa a apolisi akufunsa anthu oganiziridwa milandu enieni ndi mau a apolisi akucita zomwezo m'masewero a maphunziro. Anapeza kuti m'masewero apolisi anali kutalikitsa ndi kukometsera zinthu zina, makamaka zoonetsa ubwenzi ndi kutsata malamulo, kuti woyesa azione bwino ndi kuwapatsa malikisi. Kunena kwina, wosewera amalankhula kwa anthu awiri pa nthawi imodzi, kwa mnzake wa m'sewero ndi kwa woonerera, ndipo woonererayo ndiye amalamulira mau.

Kwathu kuno bvutoli limabvala nkhope ya nthabwala. Anthu athu ndi akatswiri a sewero, ndipo khamu limalipira ndi kuseka. Mupatseni mai wa m'mudzi malo a namwino, muona namwino wa mwano woposa anamwino onse a m'dziko, wotafuna cingamu, wokalipa asanaone ndi nkhope ya wodwala yomwe. Anthu adzagwa nako kuseka, ndipo kusekako kuli ndi nchito yake, pakuti kumatulutsa zimene anthu sakananena pamaso pa akuluakulu. Koma anamwino enieni amene ali pomwepo adzati mumtima, ameneyo si ine, ndipo adzatuluka osasintha kanthu. Mwano umene umabweza anthu pa zipatala ndi m'maofesi kawirikawiri ngwacetecete: moni wosayankhidwa, maso osacoka pa kaundula, funso lotseka citseko. Woyendetsa sewero alole ulendo woyamba ukhale wa phwete, kenaka apemphe kuti aseweretso monga mmene zinacitikira tsiku lenileni limene wosewerayo akulikumbukira.

Bvuto lina limabwera sewero litatha. Sewero lacitika m'Cinyanja, koma pokambirana zimene zaoneka mkulu mmodzi amayamba ciganizo m'Cingerezi, wina namuyankha momwemo, ndipo pasanapite mphindi zisanu amai aja amene anaitanidwa monga eni nkhani asanduka oonerera. Kuyambira pa lamulo la maphunziro la mu 1966 Cingerezi cakhala cinenero cimene Mzambia wophunzira amaganiziramo za nchito, ndipo kutsetserekera kumeneko sikufuna coipa mumtima mwa munthu. M'maganizo anga, lamulo loyamba la msonkhano wotere liyenera kukhala lakuti kukambirana kucitike m'cinenero ca sewero, ndipo oyamba kulankhula akhale amene anasewera otumikiridwa. Ndikayikiranso mcitidwe wotenga ophunzira a pa yunivesite kuti asewere anthu a kumudzi. Iwo amasewera munthu wa kumudzi wa m'maganizo mwao, wolankhula miyambi pa ciganizo ciriconse, amene sindikhulupirira kuti anafolapo pa mzere wa cipatala ciriconse.

Stokoe sanangotsutsa. Iye anakonza njira yake yophunzitsira imene imayambira pa mau enieni ojambulidwa, maina ndi zizindikiro za anthu zitacotsedwa. Ophunzira amamvetsera kukambiranako mzere ndi mzere. Pa malo obvuta makina amaimitsidwa, iwo nanena cimene akanayankha, kenaka amamva cimene wanchito weniweni ananena ndi zimene zinatsatira. Njirayi singalowe m'malo mwa sewero loyesera ndondomeko yatsopano, pakuti cinthu cimene sicinayambe kucitika sicingajambulidwe. Koma njira ziwirizi zimathandizana. Mau ojambulidwa pa windo lakale, anthu atapereka cilolezo cao momveka bwino, amapatsa osewera poyambira poona. Ndipo ndondomeko yatsopano ikayamba kugwira nchito, kujambulanso kumaonetsa ngati zimene sewero linalonjeza zacitikadi.

Gawo la mphunzitsi wa cinenero

Aphunzitsi a Cinyanja akhala akugwiritsa nchito timasewero m'kalasi kwa zaka zambiri: kumsika, kucipatala, kwa amfumu. Koma m'timasewero ta m'mabuku athu onse awiri amadziwa mau a mnzao, palibe amene amamva molakwa, palibe amene amacita manyazi, ndipo wodwala amachula nthenda yake m'ciganizo cimodzi cokwanira bwino. Ophunzira amene adzakhala omasulira, anamwino ndi makalaliki angapindule koposa ngati mmodzi apatsidwa fomu yeniyeni ya Cingerezi, mnzake napatsidwa mwacinsinsi mbiri ya munthu amene ali ndi cinthu cimene safuna kucinena, ndipo ena onse alembe zimene amva. Polemba atsate dongosolo la Gail Jefferson, limene limaonetsa kutalika kwa kukhala cete ndi malo amene awiri alankhulira pamodzi, pakuti eya wobwera msanga ndi eya wobwera patapita masekondi awiri si yankho limodzi, ngakhale kuti pa fomu onse amalembedwa mofanana.

Pali cinthu cinanso cimene khutu la wophunzira cinenero lokha lingacigwire, ndico kusiyana kwa mau olankhulidwa ndi olembedwa. Kalembedwe kathu, monga kanabvomerezedwa ndi Unduna wa Maphunziro mu 1977, sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mau. Funso lakuti, Kodi mumamwa mankhwala a BP? likalankhulidwa ndi liu lokwera pa phatikizo loyamba la mneni limafunsa za cizolowezi ca masiku ano, koma kwa olankhula ambiri, makamaka oyandikana ndi malire a Malawi, mneni yemweyo ndi kamvekedwe kena amafunsa za zimene zinali kucitika kale. M'sewero la pakamwa kalaliki adzalichula bwino ndipo palibe adzaona bvuto. Pa cifukwa cimeneci gawo liriconse la ndondomeko limene lidzafika kwa munthu molembedwa, pa khadi kapena pa foni, liyenera kuyesedwanso molembedwa: wosewera apatsidwe kapepala, awerenge yekha popanda womuwerengera, anene cimene wamva. Akagawanika owerenga, funsolo lilembedwe kawiri mosasokoneza, lina lakuti, Kodi munali kumwa mankhwala a BP kale? ndi lina lakuti, Kodi mukumwa mankhwala a BP masiku ano?